Chitini cha mvula pansi pa Michesi

Ndaphunzitsa sayansi kwa zaka zambiri pasukulu ina ya sekondale yoyendera, m'mphepete mwa phiri kuno ku Phalombe. Labotale yathu ndi kabati imodzi. Muli maginito awiri, mawaya opiringizana ngati zisa za mpheta, ndi sikelo yomwe inasiya kunena zoona kalekale. Ndayamba ndi zimenezi kuti owerenga adziwe kuti wolemba uyu si wa ku yunivesite. Ndine munthu wa choko, ndipo nkhani yanga ndi ya ana amene timawatcha "amutu", ndi zomwe timawachita.

Mukafunsa Mmalawi aliyense za mwana amene anachita zodabwitsa pa fizikisi, dzina limene limatuluka ndi limodzi: William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Nkhani yake ndi yoona, ndipo ine ndimaikonda. Njala ya 2001 ndi 2002 inamuchotsa pasukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa makolo ake analibe ndalama ya fizi. Ali ndi zaka 14, anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza mabuku awiri, Explaining Physics ndi Using Energy. Chingerezi chinkamuvuta, koma zithunzi zinkamulankhula. Anatola zitsulo zotayidwa, fani ya thirakitala, felemu ya njinga, mapaipi apulasitiki amene anawawotcha n'kuwaphwasula kuti akhale mapiko, ndi dainamo ya njinga, n'kukweza zonsezo pansanja ya mitengo ya bulugamu. Mphepo itawomba, babu linayaka. Anthu amene ankamunena kuti wayamba misala anabwera kudzatchajitsa mafoni.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Mu 2007 anakalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, kenako ku Dartmouth College ku America komwe anamaliza mu 2014. Buku limene analemba ndi Bryan Mealer linatuluka mu 2009, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anapanga filimu ya nkhaniyi.

Koma pali kachigawo kena ka nkhaniyi komwe timakonda kukadumpha. Makina aja anayamba kuzungulira mu 2002. Akuluakulu a zamaphunziro ndi atolankhani anawazindikira mu 2006, pamene Dr. Hartford Mchazime anafika pamudzipo n'kuitana anzake. Zaka zinayi. Mapiko ankazungulira poyera, pamwamba pa denga, aliyense wodutsa ankawaona, koma mnyamatayo anali adakali kunja kwa sukulu. Tsono ngati chinthu chachitali chotere, chooneka kuchokera kumsewu, chinatitengera zaka zinayi kuti tichione, nanga mwana amene luso lake lili m'kope tidzamuona liti?

Mwana wotereyu ndinali naye m'kalasi mwanga, ndipo ndinatsala pang'ono kumuzimitsa ndi manja anga.

Anali mtsikana wosalankhulalankhula, wokhala pabenchi yachitatu, amene ankabwera kusukulu mapazi ali ndi fumbi la mtunda wautali. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwa, kwawo kunapulumuka koma abale ake a mbali ya Nkhulambe anataya nyumba ndi minda. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa za masiku amenewo. Phiri linalira usiku, miyala ikuluikulu ngati nyumba inatsika pamodzi ndi matope ndi mitengo, milatho inapita. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Achikulire anakumbukira za pa 10 Marichi 1991, pamene phiri la Michesi linatsegula n'kukokolola anthu mazanamazana kuno ku Phalombe. Ankangoti, "Napolo wadutsanso."

Sukulu zitatsegulidwa, ndinawauza ana zomwe a zanyengo analengeza, kuti ku Nkhulambe kunagwa mvula yopitirira mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Ana anangolemba nambalayo ngati mmene amalembera china chilichonse. Koma mtsikana uja anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, mvula amaiyeza bwanji ndi mamilimita? Madzi si timayeza ndi malita?"

Funso limeneli ndi la fizikisi yeniyeni, ndipo akuluakulu ambiri amene amamva nambalazi pawailesi sanalifunsepo. Ndinajambula pansi bwalo la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Ndinati mukathira lita imodzi ya madzi pamenepa, madziwo osalowa pansi, adzakwera milimita imodzi. Choncho mamilimita 1,000 ndi malita 1,000 pa kabwalo kameneka. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti tani yathunthu ya madzi inagwera pamalo ongokwanira mphasa yaing'ono. Pa hekitala imodzi ndi matani 10,000. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anayang'ana kuzenera, kuphiri, ndipo ndikuganiza kuti ankawerengera mahekitala.

Dothi la pamalo otsetsereka limakhazikika chifukwa timiyala ndi timchenga take timagwirana, ndiponso mizu imalimanga. Madzi akalowa n'kudzaza timipata tonse, dothi limalemera, pomwe kugwirana kuja kumachepa chifukwa madzi amakankha timiyalato kuti titalikirane. Pansi pake pali thanthwe losalowa madzi. Ikafika nthawi yoti kulemera kwaposa kugwirana, zonse zimanyamuka nthawi imodzi. Agogo akamati pansi pa phiri pali chinjoka chimene chikatopa chimasamuka kulowera kunyanja, ine sindiwaseka. Iwo anaona njira imene chinthucho chimadutsa, anamva mkokomo wake, n'kuchipatsa dzina. Mawu akuti napolo amanena zambiri kuposa mawu aliwonse a m'buku langa. Chimene fizikisi imawonjezera n'chakuti chinjokacho chimadzuka ndi mlingo wa madzi, ndipo mlingo ungathe kuyezedwa.

Mvula ya chaka chotsatira itayandikira, mtsikana uja anabwera ndi chitini cha mkaka waufa. Anati akufuna aziyeza yekha. Ndinamuuza zochepa zomwe ndikudziwa: chitini chikhale chowongoka kuchokera kukamwa mpaka pansi, osati chotupa pamimba; achiike pamtengo wozikika, kutali ndi denga ndi mitengo; aziwerenga nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse, dzuwa lisanamwe madziwo, n'kukhuthula. Rula anali nayo, yothyoka kumapeto. Anazindikira yekha kuti rula yake siyambira pa ziro penipeni, pali kampata kakang'ono kumapeto, ndipo anayamba kukawonjezera pa nambala iliyonse. Izi sindinamuuze ine.

Kenako chitini chimodzi chinabala ziwiri. China anakachiika kwa azakhali ake amene amakhala kumtunda, pafupi ndi tsinde la phiri, n'kuphunzitsa msuweni wake kuwerenga. China anachiika kuseri kwa kalasi yathu. Ankafuna kudziwa ngati mvula imagwa mofanana malo atatuwa. Kopelo ndinaliona. Tsamba lililonse linali ndi mizere yojambula ndi dzanja, tsiku, malo, nambala. Chaka chimenecho kunali ng'amba yoopsa, chimanga chinapsa chili m'munda, ndipo boma linalengeza mu Marichi 2024 kuti maboma 23 ali pangozi. M'kope la mtsikanayo, masabata amenewo anali mzere wa maziro otsikira pansi, tsamba ndi tsamba. Sanatope kulemba ziro.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi malo ena atatu kapena anayi pomwe panalibe nambala. Pena analemba kuti, "Mbuzi yagwetsa." Pena, "Mng'ono wanga anatungira madzi." Pena, "Ndinali kumaliro." Ndinamufunsa chifukwa chake sanangoyerekeza nambala poona ya dzulo ndi ya mawa.

"Ndikanalemba bodza, aphunzitsi. Ndiye kope lonse likanakhala lokayikitsa."

Ndakhala ndikuchonga malipoti a mayeso oyeserera kwa zaka zonsezi, ndipo ndikudziwa mmene ana athu amaphikira manambala kuti agwirizane ndi yankho la m'buku. Timawaphunzitsa tokha zimenezo, chifukwa chimene timapereka malikisi ndi yankho. Mwana uyu anali atafika payekha pa lamulo limene wofufuza aliyense amaimirapo.

Apa ndi pomwe ndinalakwa. Atalowa Fomu 4, ndinamuitana n'kumuuza kuti asiye zitinizo. Ndinati, "Iwe, izi sizibwera pamayeso. Ukalephera MSCE, chitini sichidzakudyetsa." Anangoti, "Chabwino aphunzitsi," n'kutuluka. Ndinadziona ngati ndamuthandiza. Ndipo kunena zoona, mawu angawo sanali abodza. Mwana wa kusukulu yoyendera akupikisana ndi anzake a kusukulu zogonera komweko, okhala ndi labotale ndi magetsi owerengera usiku. Malo ku yunivesite ndi ochepa, ndipo amaona mapointi. Palibe fomu yofunsira malo imene ili ndi mpata wolemba kuti "ndinayeza mvula miyezi isanu osadumpha". Mphunzitsi amene amakonda mwana amamukankhira komwe kuli chakudya.

Vuto ndi lakuti tinakonza zinthu mwanjira yoti mphunzitsi wokonda mwana azizimitsa luso lake. Mwana aloweze malamulo atatu a Newton, aloweze kuti Faraday anapeza mu 1831 kuti maginito oyenda pafupi ndi waya amabala magetsi, koma asagwire dainamo n'kuitsegula. Chonsecho dainamo imene Kamkwamba anakweza pansanja ndi lamulo la Faraday lomwelo, lili m'chitsulo.

Palinso chizolowezi china chimene chimandisowetsa mtendere. Pamipikisano ya sayansi imene ndapitako ndi ana, maso a oweruza ndi alendo amathamangira chinthu choyaka, cholira kapena choyenda. Kagalimoto ka mawaya kokhala ndi batire ndi timababu kamakopa gulu. Mwana wogwira kope amaima yekha pakona. Tinatenga nkhani ya Kamkwamba n'kuphunzirapo kuti wanzeru ndi amene wapanga chinthu kuchokera kudzala. Ndiye timadikirira chozizwitsa china, mwana wina wosauka kwambiri amene adzapange china chodabwitsa kwambiri, kuti atolankhani abwere, mlendo wakunja amutenge, ife tiwombe m'manja. Umphawi wake timausandutsa mbali ya ulemerero wake, ngati kuti njala ndiyo inamuphunzitsa. Njala inamuchotsa pasukulu. Chimene chinamuphunzitsa ndi mabuku amene wina anaganiza zowaika pashelefu kumudzi, ndi munthu amene ankatsegula chitseko cha laibulaleyo.

Sindikunyoza opanga zinthu ayi. Colrerd Nkosi wa m'mudzi wa Yobe Nkosi kumpoto anayatsa nyumba za anansi ake ndi madzi a mumtsinje, ndipo ulemu umene analandira mu 2021 unali womuyenera. Koma wopanga ndi woyeza amafunana. Amene akufuna kupanga magetsi ndi mphepo ayenera kudziwa kuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kasanu ndi katatu. Choncho malo awiri ooneka ofanana angathe kusiyana kutalitali, ndipo sungadziwe popanda kuyeza kwa miyezi. Amene akufuna kupanga ndi madzi amafunika manambala awiri: madzi angati akudutsa pa sekondi, ndipo akugwa kuchokera pamtunda wotani. Malita 10 pa sekondi akagwa mamita 20 amanyamula pafupifupi mawati 2,000. Ngakhale theka litatayika m'mapaipi ndi m'makina, zotsalazo zingayatse mababu ambirimbiri amakono. Kuti upeze nambala yoyambayo umangofunika ndowa ya malita 20 ndi wotchi ya pafoni. Koma uyenera kupitanso mu Okutobala, mtsinje utaphwa, chifukwa makina omangidwa poona madzi a mu Febuluwale amakhala chokongoletsa theka la chaka.

Ndipo kuno kwathu mafunso otere ali paliponse, sitifunika kuwaitanitsa kunja. Tsidya lina la phiri la Mulanje, ku Bondo, bungwe la MEGA limapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya n'kugulitsa kwa anthu a m'midzi. Mipope imene amayi athu amatungapo m'midzi yambiri ya Phalombe ilibe injini: kuyambira zaka za m'ma 1970 madzi amatsika okha kuchokera m'phiri, m'mapaipi okwiriridwa m'ngalande zimene makolo athu anakumba ndi makasu awo. Mamita 10 alionse amene madzi atsika m'paipi amawonjezera mphamvu yokankha yofanana ndi kulemera kwa mpweya wonse umene uli pamwamba pathu. N'chifukwa chake paipi imakonda kuphulika kumunsi, pomwe mpope wa kumtunda ukungodontha. Mwana wa Fomu 3 angathe kufufuza zimenezi pamzere wa mipope ya m'mudzi mwake.

Nanga bwanji tiyi ali ku Mulanje, ife kuno tikulima nandolo ndi mpendadzuwa, phiri lili limodzi? Mphepo yonyowa imachokera kum'mwera chakum'mawa, ku nyanja ya mchere. Ikagunda phiri imakwera, ndipo mpweya ukakwera umazizira, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse. Ukazizira umatula madzi ake mbali ya uko. Pofika kuno umakhala ukutsika, ukutenthera, uli wouma. Chiperoni chimene chimanyowetsa minda ya tiyi mwezi wa Juni, ife nthawi zambiri timangochiona chitavala phiri ngati bulangeti. Anyamata onyamula katundu wa alendo kudzera ku Fort Lister amakuuzani kuti kumwamba nyemba zimachedwa kupsa. Akunena zoona: pansonga ya Sapitwa, mamita 3,002 pamwamba pa nyanja, madzi amawira asanatenthe mokwanira, pafupifupi pa madigiri 90 m'malo mwa 100, chifukwa mpweya wowapanikiza ndi wochepa. Phiri la Mulanje limeneli bungwe la UNESCO linaliika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Alendo amabwera kudzalijambula. Ana athu amaliona tsiku lililonse pazenera la kalasi, uku akuloweza zitsanzo za m'buku zonena za chipale chimene sanachionepo.

Wina adzati, mphunzitsi uyu akulota. Ana akubwera m'kalasi ndi njala, mphunzitsi mmodzi wa sayansi akusenza makalasi anayi, atsikana akusiyira panjira, iye akukamba za zitini. Ndikumva, ndipo zonsezo ndimakhala nazo tsiku ndi tsiku. Koma chimene ndikupempha si labotale ya mamiliyoni. Choyezera mvula chenicheni ndi kachipangizo kapulasitiki. Nthambi yoona zanyengo itaika chimodzi pasukulu ya sekondale iliyonse yozungulira phirili, n'kuphunzitsa ana awiri kapena atatu kuwerenga ndi kutumiza nambala pafoni, ikanakhala ndi maso ambiri m'malo momwe mvula imasiyana mudzi ndi mudzi. Sindikunena kuti kope la mwana lilowe m'malo mwa chenjezo la akatswiri; moyo wa anthu sungakolekedwe pa chitini. Koma komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi itamva kuti kumtunda kwagwa mamilimita mazana awiri kuyambira dzulo ndipo sikukuleka, siingadikire kuti phiri lilire.

Yunivesite ya MUST ili ku Ndata m'boma la Thyolo, ndipo inatsegulidwa mu 2014. Ku Zomba kuli dipatimenti ya fizikisi ya University of Malawi. Onsewa si kutali ndi kuno. Ophunzira awo a chaka chomaliza amafunafuna mitu ya kafukufuku. Mmodzi yekha atamabwera kamodzi pa teremu kudzakhala pansi ndi ana ogwira makope, kuwaonetsa kujambula galafu ndi kuwerengera kukula kwa cholakwika, mwana wa kuno akanadziwa kuti chimene akuchita chili ndi dzina, ndipo pali anthu amene amadya nacho. Ndipo a MANEB, amene amayesa kale ana pogwira zipangizo, angaganizire zopereka malikisi ena pa ntchito imene mwana waichita kwa miyezi. Ndikudziwa chimene adzaope: makope ogula, makope olembedwa ndi aphunzitsi. Mantha amenewo ndi omveka m'dziko limene mawu akuti likasa aliyense amawadziwa. Koma mwana amene anayezadi amadziwika ndi mafunso atatu okha. Mufunseni tsiku limene mbuzi inagwetsa chitini.

Tibwerere kwa mtsikana uja. Patatha milungu ingapo chimuuzireni kuti asiye, ndinadutsa kuseri kwa kalasi m'mawa n'kupeza chitini chili pamalo pake, chokhuthulidwa kale, pansi pali ponyowa. Sanasiye. Anangosiya kundionetsa. Zinandipweteka kuposa mmene akanachitira kundiyankha mwano, chifukwa ndinazindikira kuti ndinali nditasanduka munthu wobisiridwa. Ndinamuitana, ndipo ndinachita chinthu chimene aphunzitsi sitichita kawirikawiri: ndinapepesa. Tinagwirizana kuti aziwerenga m'mawa basi, masamu ake adzachite mayeso akatha.

Anachitadi. Anabwera ndi mapepala a galafu atatu omatidwa ndi phala. Mzere wa chitini cha kwa azakhali ake unali pamwamba pa inayo pafupifupi mwezi uliwonse. Ndinayamba kumuyamikira kuti watsimikiza zimene buku limanena, koma anandidula mwaulemu.

"Mwina, aphunzitsi. Koma chitini cha kumtunda n'chosiyana ndi zinzake, ndipo woyeza ndi wina. Ndikufuna ndizisinthanitse chaka chino, ndione ngati ndi phiri kapena ndi msuweni wanga."

Zitini anazisinthanitsadi mvula isanayambe. Cha kuseri kwa kalasi tsopano akuwerenga ndi mnyamata wa Fomu 2 amene iye anamusankha yekha, ndipo ndinamugulira rula yatsopano.